Uthenga wanu ndaupeza m'zinyalala za kompyuta

Okondedwa Achimwene,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi ana? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima suli m'malo kuyambira Lachiwiri.

Paja tinayambana chifukwa cha pulogalamu yanga ija, yosefa mauthenga amene anthu amalemba pa tsamba la kuntchito kwathu. Akuba a pa intaneti amabisa kachizindikiro ka <script> m'mawu awo kuti tsamba lizichita zofuna zawo. Yanga imafufuza kachizindikiroko, kaya kalembedwa ndi zilembo zazikulu kapena zazing'ono, ndipo ikakapeza imataya uthenga wonse mwakachetechete.

Inu munati ndisamataye uthenga wonse, ndizingokagulula mano kachizindikiroko, mawuwo munthu awawerenge. Munanena zimenezi pamaso pa anzanga, mukuseka. Ine manyazi anandigwira, ndinapsa mtima, ndipo nambala yanu ndinaitseka tsiku lomwelo. Ntchitoyi munandiphunzitsa ndinu, koma ndinafuna kuonetsa kuti ndakula.

Lachiwiri abwana anandituma kuti ndifufute mauthenga otayidwawo chifukwa adzaza malo. Ndinakhala pa desiki yanga ya pafupi ndi chosindikizira, ndikutsitsa mzere ndi mzere, zonse zachabechabe. Kenaka ndinaona <script> wokhala ndi mawu akuti "Odi kuno" m'kati mwake. Palibe wina amachita zimenezo koma inu. Tsamba lililonse limene ndinapangapo mumaligogoda choncho, kuona ngati chitseko ndakhoma.

Pansi pake munalemba kuti: "Foni yako sikulowa. Alamu ako ali m'chipatala, akukufunsa. Bwera Loweruka lisanafike."

Achimwene, uthengawo wakhala mmenemo miyezi isanu ndi iwiri. Pulogalamu inagwira ntchito yake bwinobwino, ndendende mmene ndinailembera ine.

Za maliro a alamu ndinamva kwa azakhali. Nditafika simunandiyang'ane n'komwe, ndipo pobwerera m'basi ndinkakudandaulani kuti mwasunga mangawa mpaka pa imfa. Ndinauzanso anthu kuti simunandidziwitse za matendawo. Lero ndikuchita manyazi ndi pakamwa panga. Inu munkaona munthu amene anaitanidwa n'kukana, pamene alamu ndi amene ankandichapira yunifolomu ndili pasukulu.

Sindinamizira makina. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo nkhwangwayo ndaimva. Pulogalamu ndaikonza monga munanenera, koma zimenezo sizidzutsa munthu.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Ngati alamu anasiya mawu oti mundiuze, ndiuzeni, ngakhale akhale ondikalipira. Ngati sanasiye, mungondiuza kuti anandidikira mpaka tsiku liti. Ndibwera kumapeto kwa mwezi uno, ndipo mukapanda kunditsegulira ndikhala pakhonde.

Mundiperekere moni kwa ana ndi kwa azakhali. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
uja wamakani