Chilembo Chimene Malipenga Anameza

Lolemba, 24 Juni 1974

Mayi Lettie, aphunzitsi athu a sukulu ya kwacha, atipatsa mabuku, akuti tizilemba tsiku ndi tsiku m'Chichewa kuti dzanja lizolowere. Ine Zebedee Msiska wa ku Sangilo pensulo ndaigwira imvi zili mbuu, ndiye ndilemba pang'onopang'ono monga mmene ndimayendera.

Kwatsala masiku khumi ndi awiri kuti tikavine malipenga pa 6 Julaye. Chaka ndi chaka magulu onse a kuno amakumana pabwalo la mpira kupikisana. Gulu lililonse timalitcha boma. Lathu ndi Boma la Sangilo, ndipo Kingi wake ndi mlamu wanga Manase, mwamuna wa mlongo wanga Yunike. Ine mawondo anakana kale, yanga ndi kupeka nyimbo. Ya chaka chino imati: Boma lithu tikulitemwa. Kwathu kuno, m'Chitumbuka, kutemwa ndiko kukonda. Manase akuti, "Alamu, nyimbo yafupika ngati kabudula wanu." Koma ndamumva akuiimba posoka ukonde.

Lachitatu, 26 Juni

Tayeserera pansi pa mango. Zipanda zitatu za malipenga zinang'ambika pakamwa, tamatanso ndi utando wa kangaude, tsopano zikulira bwino. Kalaliki watsopano uja, Hudson wa ku Thyolo, amene amalemba makadi a chipani, anaima pamsewu ndi njinga yake kumvetsera. Ndinamukodola kuti afike pafupi. Sanabwere.

Lachinayi, 27 Juni

Amutenga Manase.

Lachisanu, 28 Juni

Dzulo ndinalemba mzere umodzi wokha. Lero ndilemba bwinobwino.

Anabwera apolisi awiri dzuwa lili pamutu, Manase akuyanika usipa. Anafunsa mwini gulu ndani. Iye anati ndine. Sanafunse wopeka nyimbo, ndipo iye sananditchule.

Nkhani yake ndi iyi. Hudson analemba kalata kuti ku Sangilo akuimba kuti boma lathu tikulitema. Kutema kwa nkhwangwa! Munthu ukamaimbira m'chipanda mawu amatuluka ngati njuchi, ndipo iye anali kutali. W uja, amene Mayi Lettie anatiphunzitsa kuti ndi M wogona chagada, anatsalira m'chipanda.

Yunike sanadye. Akuti, "Adumbu, ndinu munapeka. Mukamubweretse."

Loweruka, 29 Juni

Ndapita kwa a Tcheyamani a chipani, Morton Gondwe. Mwana ameneyu ndinamuona akukwawa. Anandipatsa mpando, natseka chitseko.

Ndinati, "Morton, iwe ndiwe Mtumbuka. Kutemwa n'chiyani?"

Akuti, "Adada, musandifunse zimenezo. Kalata ikapita yapita. Ndikanena kanthu azati ndili kumbali yanu."

"Nanga uli kumbali ya yani?"

 Iye anangoti Lachinayi kubwera bwana wa ku Karonga kudzamva nkhaniyi. Akaona kuti ndi yoona, Manase akwera lole yopita kummwera. Amene amakwera lole imeneyo timawadziwa. Ena sanabwerebe.

Lamulungu, 30 Juni

Kutchalitchi mawu omwewo a kutemwa tawaimba kangapo, a Tcheyamani akutsogolera ndi mawu awo aakulu aja. Potuluka anthu ankandilambalala ngati ndili ndi mphere. Anyamata a gulu abisa malipenga m'nkhokwe. Wina akuti tingosiya chaka chino. Ndawauza kuti achape mayunifomu, asite, masokosi ayere. Tivina.

Lolemba, 1 Julaye

Ndinapita ndi chakudya kwa Manase. Sanandilole kumuona. Wapolisi wina wachikulire anandinong'oneza kuti ali bwino, koma amumeta mpala.

Pobwerera ndinadutsa pa ofesi ya Hudson. Ndinamufotokozera mwaulemu, chipewa chili m'manja. Akuti, "Madala, ine ndinamva ndi makutu angawa. Inu anthu a kuno mukagwidwa mumati ndi chilankhulo chathu." Si munthu woipa mtima, ndikuona. Ndi mwana, ndipo naye akuopa. Akabweza kalata azamufunsa kuti analemberanji.

Mayi Lettie akuti ndilembe kalata yanga. Ndayesa katatu. Zilembo zanga zikuyenda ngati nkhanu. Ndani angakhulupirire pepala la mkulu wa sukulu ya kwacha kuposa la kalaliki?

Lachiwiri, 2 Julaye

Lero zinthu zatembenuka pang'ono.

Ndinali pamsika. Pachipata achinyamata a chipani ankaona makadi monga mwa masiku onse. Patsogolo panga panali mwana wamkazi wa a Tcheyamani, amene amagulitsa mpunga. Dengu lili pamutu, mwana kumbuyo, ndiye anati, "Asekuru, tandigwirirani khadi." Ndinagwira. Chizolowezi cha sukulu, maso anayamba okha kuwerenga. T. E. M. W. A.

Temwa Gondwe! Tonse timamuitana Nyagondwe, dzina lake lenileni ndinaliiwala. Ndinamufunsa analemba ndani khadili. Akuti Hudson yemweyo, mwezi wathawu.

Ndinamutengera pambali. Ndinati, "Mama, sindikukakamiza. Ungathe kukwiyitsa adada ako." Anagwedeza mwana kumbuyo. Kenaka akuti, "A Manase ndi amene ananyamula mwamuna wanga pabwato atadwala. Lachinayi ndibwera."

Lachitatu, 3 Julaye

Ndayeserera mawu anga m'munda wa chinangwa. Ndisathamange. Ndisakweze mawu. Ndisanene kuti Hudson wanama, ndinene kuti anali kutali.

Lachinayi, 4 Julaye

Ndilemba zonse monga zinachitikira.

Anatikhazika m'kalasi. Bwana wa ku Karonga ndi Mchewa wonenepa, wa magalasi. Kumanja kwake Hudson, kumanzere a Tcheyamani. Manase pabenchi, mutu uli mpala. Atandiona anati, "Alamu, mwabwera ndi nyimbo ina?" Wapolisi anamuletsa.

Ndinaimirira. Ndinati nyimbo ndinapeka ndine, osati Manase, ndipo ngati pali wokwera lole ndine. Yunike analira kumbuyo. Bwana anati ndiinene. Ndinainena pang'onopang'ono. Akuti, "Lero mukuti temwa chifukwa muli pano. Umboni uli kuti woti mawu amenewa alipo?" Anayang'ana a Tcheyamani. A Tcheyamani ankayang'ana denga.

Pamenepo ndinaitana Nyagondwe. Ndinaika khadi lake patebulo. Ndinati, "Bwana, ine kuwerenga ndayamba chaka chatha, mundikonze ndikalakwa." Ndinaloza chilembo chimodzichimodzi, chala ndinachisiya pa W. Ndinafunsa Hudson ngati dzanja ndi lake. Anavomera.

Kenaka ndinati, "A Tcheyamani, mwana uyu atabadwa munamutcha Temwa. Munkafuna kuti anthu adzamuteme?"

 Nyagondwe anangoti, "Adada."

Morton anavula chipewa. Akuti, "Anabadwa titaika ana awiri. Tinati uyu akondedwe. Ndiye Temwa."

Bwana anatenga khadi, naliyang'ana nthawi yaitali. Anafunsanso kuti nanga boma lake ndi liti, lovina kapena lolamula? Ndinati, "Onse awiri, bwana. Wokonda sasankha." Anatsokomola, kaya kunali kuseka. Akuti Manase atuluka mawa akamaliza mapepala, koma Loweruka iye mwini akhalapo, ndipo akufuna W ameneyo amveke mpaka kumsewu.

Lachisanu, 5 Julaye

Manase wafika masana. Wayonda. Yunike wamutukwana kaye chifukwa chosanditchula, kenaka wamuphikira nkhuku.

Vuto lina: chipewa cha Kingi chija, choyera cha nthenga, chikugwera m'maso chifukwa tsitsi palibe. Tayesa nsanza, zikuterereka. Manase akuti tisinthe nyimbo tiziti tikulikonda, zithe. Ndinamuyang'ana. Anaseka. "Ndimakuyesani, alamu. Ndagonera simenti masiku asanu ndi atatu chifukwa cha chilembo chimenechi. Ndichiimba."

Loweruka, 6 Julaye

Tinali achinayi kulowa m'bwalo. Ng'oma yaikulu inagunda, mizere iwiri yoyera, Manase kutsogolo ndi ndodo yake, kuyenda monyada ngati sanachokere kundende. Atafika pamawu aja anakweza ndodo. Anyamata onse anatsitsa malipenga pakamwa n'kuimba ndi milomo yokha: tikulitemwaaa. Anawakoka mpaka mpweya kutha. Kachiwiri bwalo lonse linalowerera, amayi a mpunga, a magulu ena omwe, ngakhale Morton pampando wake. Hudson anali kumapeto kwa benchi. Milomo yake ndinaiona ikusongoka, akuyesa.

Mbuzi ya mpikisano yapita kwa a ku Chilumba. Zilibe kanthu.

Chipewa sichinagwe. M'mawa ndinathothola masamba onse osalembedwa a m'buku lino, tinawapinda n'kuwapanikiza mkati mwake. Mayi Lettie akafunsa Lolemba ndiwauza kuti buku lawo lavina pamutu pa Kingi. Latsala tsamba lino lokha, ndipo lathera apa.