A Wotchi akuti ine sindidziwa njira

Aphungu,

Ndithandizeni, mtima ukundiwawa ngakhale anzanga akungoseka mpaka kugwira nthiti. Ndine mayi wa zaka 46, ndimasoka zovala. Chaka chino ndinadzipereka ku bungwe lina lothandiza anthu a ulumali wa ubongo kuti azikhala pakati pa anzawo, osati kumangotsekeredwa m'nyumba. Anandipatsa bambo wina wa zaka 35 amene timawatchula kuti a Wotchi chifukwa sachedwa pa chilichonse. Bambowa anapeza ntchito yoika katundu m'mashelefu pasitolo ina, ndipo yanga inali kuwaperekeza pa minibasi mpaka atazolowera njira.

Ine ndinaigwira ndi mtima wonse. Powoloka msewu ndinkawagwira dzanja. Kondakitala akawafunsa kotsikira, ndinkayankha ndine. Kolala ndinkawakonzera, ndipo tsiku lina ndinawapukuta thukuta ndi mpango wanga basi yonse ikuona. Iwo ankangoti, "Amayi, manja ndili nawo." Ine n'kumati ndi manyazi chabe.

Lolemba lapitali ndinawakokera m'basi ina. Anati, "Iyi si yathu, yathu chitseko amamanga ndi chingwe." Ine ndinati, "Takhalani pansi inu, mtauni muno ndakhalamo zaka makumi awiri." Aphungu, basi ija inakatitula kophera ng'ombe! Ine mutu unangoima, misozi n'kuyamba kulengeza. A Wotchi ndi amene anandigwira dzanja n'kundiwolotsa msewu, n'kufunsa njira kwa mayi wogulitsa nthochi. Tinafika pasitolo titachedwa ndi maola awiri, ndipo abwana awo anawachenjeza kuti zikachitikanso, ntchito yatha.

Dzulo mkulu wa bungwe anandiimbira foni kuti a Wotchi apempha woperekeza wina. Akuti ananena kuti, "Amayiwa ndi abwino, koma njira saidziwa. Ine sindingamawayang'anire tsiku lililonse, ndili ndi ntchito." Tamverani, ine woyang'aniridwa! Chikhalirecho ndimawakonda ngati mwana wanga. Kodi ndikawanyengerere, kapena ndingosiya zodziperekazi?

N. K., kuseri kwa depoti

Mayi N. K.,

Pepani, nanenso ndaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Koma tiuzane zoona: wofunika kuperekezedwa apa ndinu.

Vuto lonse lili pamene mwati "ngati mwana wanga". Bambo wa ndevu zake, wolembedwa ntchito, si mwana wanu ayi. Kodi amuna anu mungawapukute thukuta m'basi kondakitala akuona? Mungabwerere kunyumba aliyense basi yake. Bambowa anakuuzani bwinobwino kuti manja ali nawo, simunamve. Anakuuzaninso kuti basi si imeneyo, simunamvenso. Chikondi muli nacho, mayi, makutu ndiye munkawasiya pamakina osokera.

Mawa lomweli pitani kusitolo mukauze abwana awo kuti wowachedwetsa ndinu, kuti chenjezo lija lichoke pa dzina lawo. Mukanene mwachidule, osakalirako, anthu akugula zinthu. Mukatero mupepese kwa a Wotchi eni ake, ndipo muwafunse ngati akufunadi woperekeza aliyense, chifukwa ine ndikuona kuti njira anaidziwa kalekale. Ngati zili choncho, ntchito imene munatumidwa yatha bwino, sangalalani. Akalola, muzikumana nawo Loweruka n'kumacheza ngati anthu akuluakulu awiri, manja anu ali m'thumba.

Kudzipereka musasiye. Kubungweko sikungalephere kupezeka wina wofuna kuphunzira kusoka, ndipo pamakina simungasochere. Koma chenjerani: a Wotchi akakana, mawu awo ndiwo omaliza. Musakabisale kuseri kwa mtengo pasiteji n'kumawasuzumira. Adzakuonani, adzakumverani chisoni, ndipo adzachedwanso kuntchito pokuperekezani kwanu.

Aphungu