Tsamba la Masamu Lasowa M'bokosi

Lachinayi, kwathu ku Malomo. Lero mtima sunakhale pansi.

Kalata ya aphunzitsi anga a ku yunivesite ku Mangalande yafika yomatidwa kachiwiri. Akufuna mutu wachitatu wa buku langa la udokotala wa masamu mvula isanagwe. Nditawerenga mapepala m'bokosi ndapeza kuti tsamba limodzi palibe, lomwe ndinalivutikira miyezi inayi.

Dzulo alamu anga, a Kaliyati, anakhalitsa nane pakhonde. Sanandifunsepo za sukulu chibadwire, koma analoza chizindikiro china papepala nati, "Alamu, kanjoka aka kakuimira ndani?" Ndinati si munthu, n'kuphatikiza chabe tizidutswa ting'onoting'ono. Anaseka mano okha. "Azungu a Chitaganya ataona angati ndi mawu obisika a ndale."

Masana ndamva kuti alamuwo awaona ku boma m'mawa, atavala jekete. Akazi awo, achemwali anga, akuti anakagula mchere. Mchere wadzaza m'sitolo ya pompano.

Tsambalo ndingathe kulilembanso. Koma ngati alamu alipereka ku boma, a boma n'kundilanda pasipoti, zaka zitatu zapita pachabe. Mawa ndiwafunsa alamuwo, achemwali ali pomwepo. Kapena ndiyambe ndasamutsa bokosili, koma kwa yani...