Tambala wachiwiri wa Willie

Loweruka, 6 Juni 2015

Willie ali moyo. Ndamuona lero ku Conisbrough. Wanenepa, ndipo dzina lake tsopano ndi Sean.

Ndilembe mwadongosolo mutu usanatenthe. Clara, namwino yemwe ali wodi imodzi ndi mkazi wanga Temwa kuno ku Sheffield, anandipempha mwezi watha kuti ndikhale nkhoswe yake pa chinkhoswe cha pa 20. Abale ake ali ku Zomba, viza anawakaniza. Kuno timatero, timabwerekana amalume. Ndinavomera. Mwamunayo ndinali ndisanamuonepo, amakhala ku Hull, mashifiti osatha. Clara anati tikumane pa linga lakale la Conisbrough poti lili panjira ya sitima ya tonsefe, komanso amafuna zithunzi zokaonetsa pakhoma tsiku la mwambo.

Tinafika msanga. Temwa anatsala pa kapinga, akuti mawondo. Ine ndinakwera nsanja. Ndi yozungulira, ya miyala yoyererako, yomangidwa zaka za m'ma 1100. Khomo lake analiika m'mwamba kuti mdani asangolowa, ndipo chitsime chili m'kati momwemo. Anthu amenewa ankadziwa kuti tsiku lina adzazingidwa, n'kukonzeratu madzi. Ndinawalemekeza.

Pamwamba ndinaona mtsinje wa Don, mlatho wa sitima, madenga a tauni. Kenaka pansi, mwamuna ndi mkazi ovala nsalu yofanana akulowa pachipata. Nkhope sinkaoneka. Koma phewa lamanzere lotsika lija, dzanja m'thumba. Mu 2006 ku Dedza ndinalandira tambala kuchokera kwa amalume a munthu woyenda choncho, ine n'kupereka msoti, monga nkhoswe ya mchemwali wanga Tinenenji. Mu 2008 Willie anabwera kuno kusukulu. Mu 2010, ine ndisanafike, foni yake inazima. Tinafunsa ku London, ku Manchester, m'zipatala momwe. Amayi athu anamwalira akumupempherera.

Ndinatsika mosafulumira. Clara anathamanga, n'kupinda mawondo. "Ankolo! Sean, awa ndiye ankolo anga a kuno."

"Mwaswera bwanji a Sean?" Ndinatero ine, n'kumupatsa dzanja. Anandiyankha m'Chingelezi, ine amene ndinamumangira taye tsiku la chinkhoswe chake.

Zithunzi ndawajambula ine. Pa chipata, pa khoma logumuka, pa masitepe. "A Sean, mwetulirani. Mukuoneka ngati mwaona mzukwa." Clara anaseka mpaka misozi.

Lamulungu, 7 Juni

Ulaliki sindinaumve. Temwa sindinamuuze, iye W. samudziwa, tinakwatirana kuno.

Zomwe ndikudziwa motsimikiza: ukwati wa Tine ndi wa mwambo, ulibe pepala, choncho kuno palibe amene angaufufuze. W. sanamusudzule. Chaka chatha mphunzitsi wina, a James, anabwera kudzafunsira, akulu ampingo anati bweretsani umboni woti mwamuna anamwalira kapena anakusudzulani. Tine alibe chilichonse mwa ziwirizi. Si wamasiye, si wokwatiwa. A James akudikirabe, koma munthu sadikira mpaka kalekale.

Zomwe ndikufuna: pa 20, holo itadzaza, akadzabweretsa tambala wawo (kuno amakhala wosema wa mtengo, eni holo salola zamoyo) ndidzaimirire ndi kunena kuti tambala wa bamboyu ndinalandira kale, wamoyo, ndipo tinadya. Ndayeserera mawu ake m'bafa. Akumveka bwino.

Lachiwiri, 9 Juni

W. waimba ndili kuntchito. Nambala wapeza kwa Clara. Mawu oyamba: "Alamu." Ndiye kuti Chichewa sanaiwale. Akufuna tikambirane ngati amuna. Ndati Lachinayi, malo omwe aja, pamwamba pa nsanja.

Lachinayi, 11 Juni

Ndinatenga holide ya tsiku limodzi. Ndinayamba ndalowa m'tchalitchi cha m'tauni, chomwe ndi chakale kuposa linga lenilenilo. Munali agogo awiri achizungu akukonza maluwa. Ndinakhala pang'ono, osapemphera.

W. anafika pamwamba akupuma ngati ng'ombe yapangolo. Ndinamusiya apume, ndikumufotokozera za malowo ngati mlendo. Kuti linga limeneli linapulumuka pa nkhondo yawo yapachiweniweni chifukwa linali litagumuka kale, palibe amene anaona chifukwa choliphwanyira. Kuti muno munabadwira mkulu wina dzina lake Richard, yemwe anadulidwa mutu mu 1415 atakonzera mfumu chiwembu. Ndipo amene anakamuulula anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, dzina lake Edmund ngati ine.

"Alamu, musaseweretse."

"Zili m'mabuku a mbiri. Sindinapeke."

Kenaka zake. Fizi ya sukulu inamukanika, viza inatha, anachita manyazi, chaka chinapita, kenaka china, ndiye akanayamba bwanji kuimba? Ndinamuuza kuti mwana wake Stella ali sitandade 3.

"Wakula eti?"

"Ana amatero."

Ndinatulutsa foni. "Nayi nambala ya Tine. Muimbireni pompano, mumuuze kuti mwamusudzula. Ine nkhoswe ndili pano, ndine mboni."

Anakana. Akuti akangolankhula, Dedza yonse idziwa madzulo omwewo, mawa lake zili pa Facebook, Clara wamva. Akuti ndidikire chinkhoswe chidutse, ukwati wa kwa boma udutse, mapepala ake okhalira kuno akhale bwino, kenaka adzakonza zonse. Ndinafunsa ngati Clara amamukonda. Anati, "Ndi munthu wabwino kwambiri." Ndalemba monga ananenera.

Khoma la pamwamba paja limafika m'chiuno, ndipo kunali mphepo. Ndinayang'ana pansi, ndinayang'ana iye, ndinaika manja m'thumba. Mzungu wina wachikulire anatulukira pa masitepe n'kutiuza kuti kukuoneka bwino lero. Tinavomera tonse awiri.

Ndinati, "Ndamva." W. anandigwira dzanja ndi manja ake onse. Akuganiza kuti ndalola.

Loweruka, 13 Juni

Ndamuuza Temwa. Anayamba ndi kutukwana W. m'Chitumbuka, zomwe zinandisangalatsa. Nditafotokoza za pa 20 anatembenukira ine.

"Nanga Clara wakulakwirani chiyani? Aimirire pamenepo atavala nsalu, wodi yonse ikuonerera, inu mukuchita drama yanu? Bambo a kuno, mumawerenga zambiri, koma mtsikana uja anakugwadirani n'kukutchani ankolo. Ankolo sadikira kuti holo idzaze."

Ndinayesa kutsutsa. Koma ankanena zoona. Ndine nkhoswe ya akazi awiri kwa mwamuna mmodzi, ndipo ndimawerengera mmodzi yekha. Koma kuti W. angothawanso mwakachetechete, asinthe dzina kachitatu ku Glasgow, zimenezo ayi.

Lamulungu, 14 Juni

Ndaimbira Tine titaweruka kutchalitchi. Ndamuuza kuti W. ali moyo, ndamuona ndi maso anga.

"Akuoneka bwanji?"

"Wanenepa."

"Ndiye kuti ankadya."

Sanalire. Anati, "Achimwene, sindikumufuna, ngakhale atabwera chokwawa. Koma ananditenga pamaso pa anthu. Andisudzulenso pamaso pa anthu, akulu ampingo amve okha."

Lachitatu, 17 Juni

Clara anabwera atamaliza shifiti, atanyamula nsalu yoti Temwa asoketse. Ndinamuuza zonse motsatana, zaka ndi mayina, monga ndalembera muno. Za mapepala zija sindinabise. Anafunsa funso limodzi: "Mwana alipo?" Ndinati alipo. Anapinda nsalu ija bwinobwino, n'kupempha kuti alankhule yekha ndi Tine.

Tinamulumikizira Skype kuchipinda. Tine anapita kwa a neba omwe ali ndi intaneti. Anakhalitsa. Tinamva kulira, sindikudziwa kwa ndani. Pambuyo pake tinamva kuseka, ndipo kumeneko ndi kumene kunandiopsa.

Atatuluka anati, "Ankolo, mumafuna kuchita chiyani Loweruka?" Ndinamuuza za tambala. Anapukusa mutu. "Zochepa zimenezo. Adzangoti mukunama, kapena ali ndi mnzake wofanana naye. Musamuuze kuti ndadziwa."

Lachinayi, 18 Juni

W. watumiza uthenga: "Zikomo alamu, Mulungu akudalitseni." Ndayankha kuti Amen.

Lachisanu, 19 Juni

Dongosolo ndi la Clara, ine ndangolandira malangizo ngati wodwala.

Mwambo uyenda monga mwa nthawi zonse. Akuchimuna akadzati tabwera kudzafuna mbeta yathu, tidzatulutsa atsikana ofunditsidwa nsalu kumutu kuti asankhe. Woyamba adzakhala namwino mnzake, anthu aseke. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu, yemwe aliyense adzaganiza kuti ndi Clara, adzakhala Temwa atafunda nsalu, atanyamula laputopu pachifuwa. Clara akuti W. adzavundukule yekha, osati nkhoswe yake yobwereka. Ku Dedza Tine adzakhala atakhala pampando kwa a neba aja, akulu ampingo awiri kumbuyo kwake. Waya wa pulojekita, womwe umayenera kuonetsa zithunzi za ku Conisbrough, tidzaulumikiza ku laputopu kuti a kumbuyo nawonso aone. Ine ntchito yanga ndi funso limodzi: mkazi uyu mukumudziwa, ndipo mukumusudzula kapena ayi? Azichimwene awiri a kumpingo adzaima pakhomo, osati kuti amugwire, koma kuti atuluke atayankha.

Ndinamufunsa Clara ngati adzapirire, poti wodi yonse idzakhalapo. Anati, "Amve kwa ine tsiku limodzi, kusiyana ndi kundinong'ona chaka chathunthu." Mpunga ndi nkhuku akuti tiphikebe, anthu asabwerere ndi njala.

Tayesa Skype masana, yagwira, ngakhale mawu akuchedwerako. Ku Dedza magetsi akhoza kuzima, a James abwereka jenereta. Temwa akusita nsalu ya wachitatu. Sitima ya ku Hull ifika mawa m'mawa, ndipo W. wapempha kuti ndikamuchingamire ine.