Mpando Wanga Ukugwetsa Ndege ya Apongozi

Aphungu,

Linali Lamulungu pa 9 Marichi, titangomaliza kudya chamasana kwa apongozi anga. Patebulo panali apongozi aamuna, apongozi aakazi, mkazi wanga ndi ine. Ana ankasewera panja. Apongozi aamuna anaika kapu ya tiyi pansi, kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pamimba, n'kufunsa kuti, "Atelala, kodi inu mumalemera makilo angati?"

Mkazi wanga anatsamwa ndi tiyi. Ine ndinayankha zoona, kuti 104. Iwo anangoti, "Chabwino," n'kutsegula laputopu yawo.

Ndiyambe ndafotokoza, poti mwina zinthu zimenezi simuzidziwa. Ine ndine telala. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo ndili ndi kashopu kuseri kwa msika, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Wokonza mafoniyo ndi amene anandiphunzitsa gemu ina ya pa intaneti yomanga ndege. Umasankha wekha thunthu, mapiko, mchira, injini, matayala ndi mipando, n'kulumikiza monga ndimalumikizira kolala ndi mikono ya malaya. Ukamaliza umaiulutsa. Ikakhala yomangidwa molakwika imagwa, koma ubwino wake safa munthu.

Osewerafe tili ndi gulu lathu pa intaneti. Ambiri sitinaonanepo maso ndi maso, timangodziwana ndi maina opeka. Ine ndine Singano. Lamulo la gulu ndi lakuti munthu akaika ndege yake, woyang'anira gulu, amene timamutcha Kapitawo, amachita maere kuti apeze woiyesa. Amene maere amugwera amaiulutsa katatu, kenako amalemba poyera zabwino ziwiri ndi chokonza chimodzi. Ndemanga imeneyi timaitcha ngongole, ndipo amene sanabweze saloledwa kuika ndege yake. Loweruka lomaliza la mwezi kumakhala chionetsero. Ndege zonse zimaulutsidwa imodziimodzi, gulu lonse likuonerera.

Tsono apongozi anga aamunawa anali dalaivala wa basi kwa zaka 31, ndipo anapuma chaka chatha. Ukwati wathu watha zaka 11, ndipo zaka zonsezi macheza athu anali akuti, "Mwadzuka bwanji atelala?" "Tadzuka." Basi, nkhani yathera pomwepo. Si oipa mtima ayi. Kungoti ankalakalaka mwana wawo atakwatiwa ndi munthu wovala taye, osati wosoka taye.

Atapuma ntchito anasowa chochita. Apongozi aakazi ankadandaula kuti bambowa amawatsatira kukhitchini n'kumawauza nthawi yochepetsera moto ngati akusintha giya. Tsiku lina bambowo anandipeza pakhonde ndikuulutsa kandege kanga pafoni. Anaima kumbuyo kwanga kanthawi, kenako anati, "Imeneyo mukuikhotetsa ngati njinga. Tabweretsani kuno." Tsiku limenelo tinacheza mpaka tiyi kuzizira. Sabata yotsatira mlamu wanga anawabwereka laputopu yakale, ndipo analowa m'gulu ndi dzina lakuti Giya Wamkulu. Panopa amandiimbira foni kushopu, ine singano ili pakamwa, kuti andifunse za mchira wa ndege.

Ndege yawo anaitcha Basi ya M'mwamba. Ndi yokongola, Aphungu, yoyera ndi mzere wobiriwira, mawindo ake olingana ngati anachita kuyeza ndi tepi. M'kati anaikamo mpando wa aliyense wa m'banja, ndipo pampando uliwonse analembapo dzina ndi kulemera kwa mwini wake, chifukwa gemuyi imawerengera zimenezo. Kutsogolo kuli iwo, pambali pawo apongozi aakazi, kenako ana awo anayi, kenako zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Yonse pamodzi 13. Apongozi aakazi ataona mpando wawo anati, "Ine munditsitse. Ndinakwera mabasi anu zaka makumi atatu, zakwana. Kungokwera pampando kuti ndipachike makatani ndimachita chizungulire." Bambowo anangoti, "Khalani pansi amayi, basi ikunyamuka."

Pa 16 Marichi anandiitanira kuchipinda chochezera n'kunditembenuzira laputopu. Kumapeto kwenikweni, pafupi ndi mchira, anali atawonjezera mpando wa nambala 14. Sanalembepo kuti "Atelala". Analembapo kuti "Mkamwini wanga, 104". Ndinatuluka panja ngati ndikukayankha foni, chikhalirecho foni ndinaisiya patebulo. Dziwani kuti akamwini anzanga awiri sanalowebe m'ndegemo, akadali pasiteji.

Vuto langa linayamba patapita masiku awiri. Apongozi anaika ndegeyo m'gulu, Kapitawo anachita maere, ndipo analemba kuti, "Singano, iwe uyese Basi ya M'mwamba." Iye sadziwa kuti pali ubale.

Ndinaiulutsa kushopu nthawi yopuma. Inathamanga bwinobwino pabwalo, mphuno n'kudzuka. Koma mphunoyo sinasiye kudzuka. Ndege inaima chilili, n'kubwerera pansi chamchira. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu wometa uja anali atabwera kudzaonera, lumo lili m'manja, ndipo anaseka mpaka kasitomala wake kutuluka ndi theka la mutu kudzafunsa chachitika.

Ndinadabwa, chifukwa kwa apongozi ndegeyi imauluka. Kenako ndinakumbukira kuti pakona ya laputopu yawo pamayaka kanyali kobiriwira. Kanyaliko kamasonyeza kuti chothandizira ophunzira chikugwira ntchito. Gemuyi imaigwiriziza ndege kuti isagwe, monga munthu amagwirira mwana kumbuyo pomuphunzitsa njinga. Imabwera chonchi ukangoyamba kumene, ndipo iwo sanazimitsepo. Koma poyesa ndege za m'gulu, ndiponso pachionetsero, kanyaliko kamakhala kozima.

Ndinafuna kudziwa cholakwika. Injini zili bwino. Mapiko ali bwino. Ndinachotsa mpando wa nambala 14, ndegeyo inauluka myaa ngati singano m'nsalu ya thonje. Ndinaubwezera, inagwa. Choncho wogwetsa ndege ya apongozi anga ndine.

Ena m'gulumo akungoona chithunzi n'kumalemba kuti, "Yokongola adadi!" Palibe amene waiulutsa. Koma pachionetsero pamakhala mkulu wina wotchedwa Chimphepo, pakamwa pake palibe buleki. Mwezi watha anauza munthu kuti, "Iyi si ndege achimwene, ndi wilibala yomera mapiko." Apongozi aitana banja lonse kuti lidzaonere pa TV Loweruka pa 29, ndipo anandipempha kuti ndiwasokere chipewa cha woyendetsa ndege. Ndasoka kale, chili pashelufu.

Mkazi wanga nditamufotokozera anaseka kaye, kenako anati, "Inunso, tangowauzani kuti sikelo inanama, ndinu 70." Bodza sindilikonda, komabe ndinayesa. Pa 70 imagwabe. Ndinatsitsa pang'onopang'ono mpaka ndinapeza kuti, kuti iuluke, ndiyenera kulemera makilo 38, kulemera komwe ndinakusiya ndili ku pulayimale. Mkazi wanga anati, "Ndiye lembani kuti ili bwino. Bambo akakwiya, ine ndisamvemo."

Ndemanga yanga ikufunika pofika Lachinayi pa 27. Ndikalemba zoona, ndiye kuti ndawadzudzula apongozi anga pamaso pa gulu, ndipo chokonza chake n'chakuti andichotse m'ndege yomwe ndadikira zaka 11 kuti ndikweremo. Ndikanama, igwa Loweruka zidzukulu zikuona. Ndikuopa kubwereranso ku "Mwadzuka bwanji atelala". Ndithandizeni, nditani?

Ine wanu,
S. T., wa kuseri kwa msika

Okondedwa S. T.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Koyamba ndinaseka ngati wometa uja. Kachiwiri ndinaona kuti ndinu munthu wamwayi. Pali akamwini ambiri amene amakalamba asanapatsidwe ngakhale mpando wa pakhonde, inu mwapatsidwa wa m'ndege.

Tiyambe ndi zosayenera kuchita. Musaname. Mundiperekere moni kwa akazi anu, koma malangizo awo onse awiri muwasiye pomwe munawapeza. Taganizirani Loweruka limenelo: bambo avala chipewa chomwe munasoka inu, zidzukulu zakhala pamphasa, ndege yaima chilili n'kugwa, Chimphepo watsegula pakamwa. Kenako apongozi akuwerenganso ndemanga ya Singano yakuti zonse zili bwino. Kugwa kwa ndege adzakuiwala sabata isanathe. Koma zakuti munkadziwa n'kukhala chete, zimenezo ndiye zingakubwezereni ku "atelala" mpaka kalekale. Wakutsina khutu ndi mnansi. Amene akulemba kuti "yokongola adadi" ndi anthu odutsa, mwana wa m'nyumbamo ndinu.

Tsopano ndikutsineni khutu inuyo. Mwayesa injini, mwayesa mapiko, mwadzichepetsa mpaka makilo 38. Koma pa njira zonse zokonzera, mwaona imodzi yokha, yakuti mutsike. N'chifukwa chiyani mukufulumira kudzitsitsa? Chimenecho ndi chizolowezi cha zaka 11 zokhala kumapeto kwa benchi. Ine za ndege sindizidziwa, koma wilibala ndinakankhapo. Katundu akachuluka mbali imodzi sataya, amasuntha. Vuto si lakuti muli m'ndegemo. Vuto ndi pomwe mwakhala.

Chitani izi. Musanalembe kanthu m'gulu, pitani kwa apongozi pamaso. Osati pafoni, osati Lamulungu nyumba itadzaza. Sankhani tsiku la pakati pa sabata, zidzukulu zili kusukulu, mutseke shopu kwa ola limodzi. Musayambe ndi mawu akuti ndege yalakwika. Auzeni kuti maere agwera inu, ndiponso kuti pachionetsero kanyali kobiriwira kaja kamakhala kozima, ndiye mukufuna muiyesere limodzi chotero. Akazimitse okha ndi chala chawo, ayendetsenso okha. Ikagwa, musaseke ndipo musapepese. Musiyeni munthu aone zomwe waona.

Akatero, afunseni funso limene dalaivala aliyense amalikonda: "Kodi basi ikalemera kumbuyo munkatani?" Munthu amene wayendetsa basi zaka 31 anakanganapo ndi makondakitala ambiri pa nkhani ya kapakidwe ka katundu. Adzaona vutolo inu musanamalize kufunsa, ndipo yankho likachokera m'kamwa mwawo silikhala chidzudzulo, limakhala ntchito. Musabise kalikonse. Auzeni kuti munayesa kuchotsa mpando wanu ndipo inauluka. Kenako nenani mawu amene mwandiuza ine koma iwo simunawauzepo, akuti mpandowo unakusangalatsani ndipo simukufuna kutsika. Bambo wamkulu amene anachita kufunsa makilo anu patebulo kuti akulembeni molondola akuyenera kumva zimenezo.

Ndaona, monga mwina inunso mwaonera, kuti kutsogolo kuli mpando umene mwini wake akupempha kutsika. Musaupemphe. Mayi akamati "munditsitse" sikuti nthawi zonse akufunadi kutsitsidwa, ndipo mungathe kukonza ubale ndi apongozi amodzi n'kuononga ndi enawo. Kaya akuikani pakati, kaya asunthira zidzukulu zopepukazo kumbuyo, kaya asuntha mapiko, mwini basi ndiye aone.

Mukatha zimenezo, lembani ndemanga yanu m'gulu monga mwa lamulo. Zabwino ziwiri simuvutika nazo, mwanditchulira kale mawindo ndi injini. Chokonza muchinene mosapita m'mbali, kuti inalemera kumbuyo. Kapitawo mumuuzenso mwakachetechete kuti Giya Wamkulu ndi apongozi anu, kuti nkhaniyo asadzaimve kwa ena. Za Chimphepo musataye nazo tulo. Ndege ikauluka, adzasowa pogwira.

Bambowo akhoza kukhumudwa tsiku limodzi kapena awiri, makamaka akazindikira kuti nthawi yonseyi gemu imawagwiriziza. Foni ikapanda kulira kushopu, musathamangire kuganiza kuti zatha. Chipewa chija mukapereke ndithu.

Chenjezo langa ndi ili. Ndimawadziwa matelala. Kasitomala akanenepa, mumangokulitsa thalauza mwakachetechete, osamuuza, iye n'kumapita akusangalala kuti akadali wochepa thupi. Musachite zimenezo ndi ndege iyi. Musaikonze mwamseri kushopu n'kuwatumizira yokonzakonza. Imeneyo ingauluke, koma sikhalanso yawo, ndipo tsiku lomwe adzafune kukweza akamwini anzanu aja adzaigwetsanso osadziwa chifukwa chake.

Kunena za ngongole, poti ndinu munthu wokonda masamu: kwa apongozi mwatsala ndi ulendo umodzi, ku gulu ndemanga imodzi, zabwino ziwiri ndi chokonza chimodzi. Muyambe ndi ulendowo, ndipo zonse zikhale zitabwezedwa pofika Lachinayi.

Phungu wanu