Chigoba cha a Tembo ndi zidendene za Esinati

Lachinayi madzulo, ku Nabvutika.

Esinati, msuweni wanga, wandipha lero. Ngakhale tiyi wandikanika.

Dzulo ndinabwera nacho kunyumba chigoba cha m'kabati ya sayansi, kusukulu komwe ndimagwira ntchito yosamala zipangizo. Sindinapemphe. Ndimafuna kuchijambula bwino pa tchati cha ana. Ndi chigoba cha kanyama ka m'nyanja yamchere kamene mtundu wake unatha kalekale, ndipo chinachita kusanduka mwala. A Tembo, aphunzitsi a bayoloje, anabwera nacho kuchokera kunja komwe anakaphunzira. Amati mtundu wake umadziwika powerenga mizere yotukuka ya pamsana ndi poona timakutu tiwiri ta kumunsi.

Ndiye masanawa ndapeza Esinati kuseri kwa bafa, phazi m'beseni, akukwecha nacho zidendene zake zong'alukazo.

"Iwe, kamwala aka n'kabwino! Unakatola kuti?"

Khutu limodzi la chigobacho lathyoka. Mizere yapakati yaperepeseka, ndawerenga kanayi ndipo nthawi iliyonse ndikupeza nambala ina. Ndamukalipira, iye n'kumaseka: "Nkhono yakufa mpaka misozi? Ndikakutolera ina ku Madzimoyo." Mbuzi ya munthu.

Mawa a Tembo akaphunzitsa nacho, ndipo makiyi a kabati ndimasunga ndine ndekha. Ntchito iyi ndinaidikira zaka ziwiri. Ndachikulunga m'mpango, ndikawauza ndekha belu lisanalire. Kaya mawu akatuluka.

Esinatiyo sopo wanga aiwale. Nkhani yake sindidzaitchulanso, ngakhale m'buku lino.