Nsapato za a Kachingwe

Lachinayi, mwezi wa Juni. Ndatopa, msana ukuwawa, mawu andithera.

Lero tinakweranso phiri la kuseri kwa tchalitchi ndi anthu asanu amene mpingo ukuwatuma ku Mozambiki, kukalalikira kwa anzathu othawa nkhondo amene anabwerera kwawo nkhondoyo itatha. Abusa anandipatsa ine ntchito yowalimbitsa miyendo chifukwa ndimaphunzitsa masewera kusukulu. Akuti kumeneko galimoto ikawasiya pamsewu, kotsalako n'koyenda pansi masiku awiri.

Ndinawauza kuti aliyense abwere ndi nsapato zimene adzayendere, kuti zizolowere phazi. A Kachingwe, mkulu wa mpingo, anabweradi nazo: zatsopano, zakuda, atazikoloweka m'khosi ndi zingwe zake. Phiri lonse akwera osavala.

Ndinati, "Bambo, valani zifeweretu, zingakakulumeni kutali."

Iwo anati, "Aphunzitsi, munati tibwere nazo, simunati tivale. Ndizithere pamiyala ya kuno ku Chisepo, ndikaima bwanji pamaso pa eni dziko? Komanso ano ndi masiku a matipate, phazi ndi langa."

Amayi a Mvano amene ali m'gululi anaseka mpaka kukhala pansi. Ine sindinaseke.

Chondiwawa n'chakuti pamwamba anayamba kufika ndi a Kachingwe omwewo, akuimba nyimbo. Ine wamasewerane ndinafika wefuwefu pambuyo pa onse, thuza litatuluka kuchidendene. A Kachingwe anangondiyang'ana pamene ndinkavula nsapato yanga.

Kwatsala masabata awiri. Akazivala koyamba kumeneko, zikawaluma, ndipo ine sindidzakhalako. Ndiyenera kuwauzanso, koma ndi thuza langali, ndiyambira pati...